TIFUNSENI: Madzi akasefukira ku Chigwa cha Shire, timvere ziti?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo dandaulo lake ndi limodzi: madzi akasefukira wailesi imanena zina, nyuzipepala zina, foni nayo zakezake. Paja mvula ikagwa kumachuluka zoliralira. Tasankhapo angapo ndipo tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, nthawi ya namondwe wa Freddy ndinkamvera wailesi ziwiri komanso kuwerenga nyuzipepala. Nambala ya omwalira sinkafanana, kenaka tinadzamva kuti apitirira 1,000. Ana m'kalasi atandifunsa kuti akunama ndani, ndinangoti kakasi. (Mphunzitsi, Ngabu)

YANKHO: Aphunzitsi, nthawi zambiri palibe amene akunama. Yambani mwaona tsiku. Freddy atagwa m'chigawo chakumwera mu Malichi 2023, nambala imene boma linkapereka kudzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inkasintha tsiku ndi tsiku: 190, kenaka 225, kenaka 326, ndipo pofika kumapeto kwa mweziwo inali 676. Nyuzipepala imene mukuwerenga masana inasindikizidwa usiku wa dzulo. Ikamafika pa Ngabu, wailesi yalengeza kale nambala ina.

China n'chakuti omwalira ndi osowa amalembedwa posiyana. Munthu amalowa m'gulu la omwalira mtembo wake ukapezeka n'kutsimikizidwa. Lipoti lalikulu la Freddy linatsekera pa omwalira 679 ndi osowa 537. Mukaphatikiza mupeza 1,216, ndipo mawu akuti "anthu oposa 1,000" anachokera pamenepa. Wonena 679 akuwerenga mitembo, wonena zoposa 1,000 akuwerenga onse amene sanabwererenso pakhomo.

Kuchigwa nkhani ya osowa imavuta kwambiri. Munthu wokokoloka ndi Ruo kapena Shire akhoza kukathera m'bango la Elephant Marsh, m'dambo la Ndindi, kapena kutsikira ku Mozambique, mtembo osaonekanso. Winanso wapulumuka, wakhala mumtengo kapena pachulu masiku awiri, asodzi amuolotsera tsidya lina, foni inapita ndi madzi. Kwawo amulira kale, sabata ikatha akutulukira wamoyo. N'chifukwa chake nambala imathanso kutsika. Madzi atasefukira mu Januwale 2015 kunalengezedwa kuti amwalira anthu 176, koma kafukufuku womaliza anapeza omwalira 106 ndi osowa 172. Zimene zimafufumitsa nambala m'masiku oyamba n'zodziwika: osowa kuphatikizidwa ndi omwalira, munthu mmodzi kulembedwa kwawo n'kulembedwanso kumene mtembo wake wapezeka, makamaka ngati wayandama mpaka dera la mfumu yaikulu ina, ndiponso munthu wodziwika ndi mayina awiri, la pachiphaso ndi la kumudzi.

Anawo auzeni kuti azimvetsera mmene mtolankhani wayambira. Wodziwa ntchito amati "malinga ndi DoDMA, pofika Lachinayi madzulo". Amene wangoti "malipoti akusonyeza" osatchula kuti a ndani, nambala yakeyo waitola panjira.

FUNSO: Ndine mlembi wa VCPC, komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi mwathu. Tinatumiza mayina kuboma, koma nambala imene inadzamveka pawailesi inali ina. Pano anthu akuti akomiti tinadya mayina awo. Tizilemba bwanji kuti zisamatichititse manyazi? (Mlembi, kwa T/A Mlolo, East Bank)

YANKHO: Alembi, kaundula wanu amadutsa m'manja ambiri. Amachoka kwa inu kupita kukomiti ya kwa T/A, kuchoka apo kukhonsolo, kenaka ku DoDMA ku Lilongwe. Lipoti loyamba limafunika msangamsanga, m'masiku awiri kapena atatu, ndipo pambuyo pake pamabwera gulu lodzatsimikiza. Paliponse pamenepa nambala ikhoza kusintha popanda wina kuba kanthu.

Chisokonezo chachikulu chili pa mabanja ndi anthu. Inu mumalemba mabanja. Ofesi ikafuna chiwerengero cha anthu imachulukitsa ndi kukula kwa banja, kumene kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi anthu 4.4 pabanja m'dziko muno. Ena amagwiritsa 4.5, ena 5. Mabanja 200 amasanduka anthu 880 kwa wina, 1,000 kwa mnzake. Mtolankhani wothamanga akasokoneza n'kunena "anthu 200", mudzi wonse umakuloza chala iwe mlembi. Palinso kusiyana pakati pa okhudzidwa ndi osowa pokhala. Amene chimanga chake chakwiririka ndi mchenga koma nyumba ili chilili ndi wokhudzidwa. Amene nyumba yagwa ndi wosowa pokhala, ndipo mwa iwowa ena ali kumsasa, ena akusungidwa kwa abale. Magulu atatuwa mukawaika pamzere umodzi, odzatsimikiza adzadula mayina, ndipo odulidwawo adzabwera kwa inu.

Gulani buku lachikuto cholimba, mapepala othothoka amasowa. Pamwamba pa tsamba lililonse lembani mudzi, gulupu, tsiku ndi ola. Banja lililonse likhale ndi mzere wake: dzina la mutu wa banja monga lilili pachiphaso cha unzika, nambala ya chiphasocho ngati chapulumuka, amuna angati, akazi angati, ana osafika zaka zisanu, amayi oyembekezera, okalamba, olumala. Kenaka za nyumba: yagweratu, yang'ambika, kapena yangolowa madzi. Kenaka munda: mbewu yanji, waukulu bwanji. Apa samalani. Alimi amayeza ndi maekala, malipoti a boma amalemba mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Mukalemba "10" osanena kuti 10 chiyani, wina adzawerenga mahekitala n'kukulitsa chionongekocho kawiri ndi theka. Malizani ndi ziweto ndiponso kumene banjalo likugona panopa.

Musanayambe, gwirizanani pamaso pa amfumu kuti banja n'chiyani. Muyeso wosavuta ndi wa mphika: odya mphika umodzi ndi banja limodzi. Pamitala, mayi aliyense amene amaphika payekha alembedwe payekha, koma bambo alembedwe kamodzi. Mukapanda kugwirizana zimenezi, banja limodzi limagawikana patatu likamva kuti kukubwera ufa. Amene ali kumsasa ikani chizindikiro pa dzina lawo, chifukwa komiti ya pamsasa nayo ikulemba, ndipo mayina olembedwa kawiri ndi amene amayamba kufufutidwa. Abale ochokera ku Mozambique amene athawira kwanu musawakane, komanso musawabise m'mayina a m'mudzi. Alembeni patsamba lawolawo.

Mukamaliza itanani msonkhano, muwerenge mayina mokweza, anthu atsutse pomwepo. Asainire wapampando, amfumu ndi mmodzi wa amayi. Jambulani tsamba lililonse ndi foni musanapereke, ndipo wolandira asainire kope lanu. Tsiku lodzanenedwa kuti munadya mayina, mudzangotulutsa bukulo.

FUNSO: M'gulu lathu la WhatsApp munabwera kanema woonetsa mlatho ukugwa, akuti ndi Kamuzu Bridge pa Chikwawa. Ndinalephera ulendo wa ku Blantyre, koma madzulo ake mabasi anali kudutsa. Ndingadziwe bwanji zabodza? (Mayi wa bizinesi ya nsomba, Bangula)

YANKHO: Mayi, yambani ndi chimene chalembedwa pamwamba pa uthengawo. WhatsApp imaika timivi tiwiri ndi mawu akuti "Forwarded many times" pa uthenga umene wadutsa m'manja ambiri. Sizitanthauza kuti ndi bodza, koma wokutumizirayo sanaone yekha. Mufunseni kuti wajambula ndani, ali kuti, liti. Akati "nanenso ndangolandira", musaupititse.

Kenaka muonereninso kanemayo modekha, maso anu asakhale pamadzi koma m'mbali. Zikwangwani zili m'chinenero chanji? Zikakhala m'Chipwitikizi ndiye kuti ndi ku Mozambique kapena kutali kwina. Galimoto zikuyenda mbali iti ya msewu? Kuno timayenda kumanzere. Nambala zake zikuoneka ngati zathu, za CK, NE kapena zina zakuno? Anthu akukuwa m'Chisena, m'Chimang'anja, kapena chinenero chachilendo? Inu mumaudziwa mlatho wa pa Chikwawa, zitsulo zake ndi mmene mapiri a ku Thabwa amaonekera kumbuyo kwake. Ngati palibe chimene mukuchizindikira, kaikirani.

Ngati muli ndi bandulo, imitsani kanemayo, jambulani sikirini, mutsegule Google Lens n'kuikamo chithunzicho. Idzakuonetsani kumene chinaonekapo kale. Kawirikawiri mudzapeza kuti n'cha 2015, cha namondwe wa Idai mu 2019, kapena cha dziko lina. Vuto ndi lakuti zimenezi sizigwira pa uthenga wa mawu, ndipo mauthenga a mawu ndi amene amaononga kwambiri: munthu wosatchula dzina, akupuma mwawefuwefu, akuti wamva kwa msilikali. Pa za msewu, njira yachidule ndi kuimbira kondakitala kapena dalaivala amene mumakwera naye, kapena apolisi a m'dera lanu. Dziwaninso kuti gawo 60 la Penal Code limaletsa kufalitsa nkhani yabodza yochititsa anthu mantha, ndipo kunena kuti munangotumiza sikungakuchotseni m'mavuto nthawi zonse.

FUNSO: Chaka chilichonse timamva kuti atsegula madzi ku Liwonde kapena ku Kapichira, n'chifukwa chake timamira. Boma limakana. Zoona zake n'ziti? Chifukwa nthawi zina madzi amabwera kuno dzuwa likuswa mtengo. (Gulupu wina, kwa T/A Makhuwira)

YANKHO: Wawa amfumu. Funso lanu lili ndi mbali yoona, ndiye tisalikankhire kumbali. Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965, imalamuladi kuchuluka kwa madzi otuluka m'nyanja ya Malawi kulowa mu Shire. Chaka chimene nyanja yadzaza kwambiri, monga zinalili mu 2024, madzi otsika amakhala ambiri, ndipo mvula ikabwera imaupeza mtsinje uli kale m'khosi. N'chifukwa chake chaka chimenecho panali kukokana: a m'mphepete mwa nyanja akufuna zitseko zitsegulidwe kwambiri, pamene kutero kukanavulaza inu akuchigwa. Amene amayang'anira zimenezi ndi bungwe la National Water Resources Authority, ndipo muli ndi ufulu wolifunsa kudzera kwa DC.

Koma madzi aja obwera usiku umodzi, ofiira, odzaza zitsa ndi nthochi, sachokera ku Liwonde. Madzi a m'nyanja sabwera ndi matope otere. Amenewo ndi a mvula yogwa kumapiri a Thyolo, Mulanje, Blantyre, Mwanza ndi Neno, imene imatsika ndi mitsinje yolowa mu Shire kumunsi kwa barrage: Lisungwi, Mkulumadzi, Likhubula, Mwanza, ndipo kwanuko ku East Bank kuli Mwamphanzi, Maperera ndi Livunzu. Mitsinje yambiri mwa imeneyi inadzaza mchenga, ndiye madzi sakhalitsa m'khwawa. Kumunsi, Ruo akatsika ndi mphamvu kuchokera ku Mulanje amakumana ndi Shire pa Chiromo n'kumutchinga, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza Elephant Marsh ndi midzi yozungulira. Mu 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzera m'midzi ya ku Makhanga. Zambezi naye akadzaza, Shire amavutika kukhuthula, ndipo a kwa Nyachikadza ndi Ndamera amakhala m'madzi nthawi yaitali. Zonsezi zimatheka kwanu kusanagwe ngakhale dontho.

Za Kapichira, damu lake ndi laling'ono, longopatutsira madzi kumakina a magetsi. Silisunga madzi a miyezi ngati Cahora Bassa, damu lalikulu la pa Zambezi ku Mozambique. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mbali ya damulo, makina a mamegawati pafupifupi 130 n'kuima kwa nthawi yoposa chaka. Amene analamula tsiku limenelo anali mtsinje, osati munthu wa pazitseko.

Mphekesera imeneyi kuipa kwake n'kwakuti anthu amadikira kumva kuti "atsegula" m'malo moyang'ana kumtunda. Khalani ndi manambala a makomiti a kumtunda kwa mtsinje wanu. Kumene kuli mitengo yoyezera madzi yopakidwa utoto, madzi akafika pachikasu anthu amange katundu, akafika pofiira anyamuke, ngakhale kumwamba kuli mbee.

FUNSO: Pa Freddy atolankhani onse anali ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre. Ife kuno tinakhala masiku tili pachilumba, osamveka. Akatikumbukira amangoti anthu akuchigwa ndi osamva, amakana kusamuka chifukwa anazolowera zolandira. Chifukwa chiyani? (Wachinyamata, Makhanga)

YANKHO: Achimwene, zifukwa zina n'zomveka, zina n'zaulesi. Pa Freddy imfa zambiri zinachitika kumene mapiri anagumuka: Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Chilobwe ali mumzinda momwe muli maofesi a nyumba zambiri zofalitsa nkhani, mtolankhani amafikako ndi kubwerako m'mawa umodzi. Kuti afike kwanu ayenera kutsika chitunda cha Thabwa, kudutsa M1 amene nthawi ngati zimenezi amaduka, kenaka kupeza boti pa Bangula, poti njira ya pa Mtayamoyo inakokoloka kale mu 1997. Magetsi akazima netiweki imatsatira. Atolankhani ambiri alibe galimoto yawo, amakwera ya nduna kapena ya bungwe, ndiye amaona msasa umene mwini galimoto wasankha, nthawi zambiri wa m'mbali mwa msewu. Komanso madzi okwera pang'onopang'ono sapereka chithunzi choopsa ngati matope ogumuka m'phiri, ngakhale njala yake imakhala ya chaka chonse.

Zoti "anazolowera zolandira" ndi nkhani yolembedwa ndi munthu amene sanafunse funso lachiwiri. Sanafunse kuti dimba limene limadyetsa banja madzi akaphwa lili kuti, kuti kumtunda kumene akuwauza kuli mjigo kapena malo olima, kuti malowo ndi a ndani, ndiponso kuti mfumu yosamukira m'dera la mfumu inzake ufumu wake utsala bwanji. Alipo ndithu amene amalembetsa kumsasa masana n'kukagona kwawo usiku, ndipo kubisa zimenezo sikuthandiza chigwa. Koma thumba limodzi la chimanga silingachititse munthu kugonetsa ana ake m'kalasi mwa udzudzu mwezi wathunthu mwakufuna.

Kuti mumveke, musadikire kuti abwere. Boma lililonse lili ndi ofesala wofalitsa nkhani amene amalembera MANA, nthambi ya boma yofalitsa nkhani, ndipo wailesi zikuluzikulu zili ndi atolankhani awo ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Wailesi za m'dera monga Nyanthepa ndi Gaka ndi zimene zimayamba kumva. Sungani manambala awo nyengo ya mvula isanafike, ndipo m'komiti mukhale foni imodzi yaing'ono ya mabatani ndi kasola kotchajira. Uthenga ukhale waufupi: mudzi, gulupu, T/A, mabanja angati, ali pati, adya liti komaliza, madzi akumwa akutunga kuti, njira yofikira ndi iti, ndi mayina a anthu awiri oti awaimbire. Musawonjezere nambala pofuna kuti amve chisoni. Mtolankhani akakugwirani kamodzi, ulendo wina foni yanu sadzayankha.

FUNSO: Tinamva pawailesi kuti bungwe lina lapereka thandizo lambiri kudera lathu, koma pamsasa pathu sipanafike kanthu. Tikadandaule kuti? (Wapampando wa msasa, Nchalo)

YANKHO: Apampando, mvetserani mneni amene wagwiritsidwa ntchito. "Lalonjeza", "lapereka kuboma", "lafika kukhonsolo" ndi "lagawidwa" ndi zinthu zinayi zosiyana, ndipo pakati pa choyamba ndi chomaliza pangadutse miyezi. Mwambo wojambulitsa umachitika tsiku limodzi pamalo amodzi, koma nkhani imatchula boma lonse. Ndalama zimene zatchulidwa zimaphatikiza mafuta, mayendedwe ndi malipiro a ogwira ntchito, si ufa wokhawokha. Matani nawo amamveka ambiri kuposa mmene alili: matani 30 ndi matumba 600 a makilogalamu 50, ndipo pa thumba limodzi pabanja amenewo ndi mabanja 600 basi.

Pitani ku ofesi ya DC mukafunse ndondomeko ya kagawidwe: katundu wanji, misasa iti, tsiku liti. Akazengereza, lembani kalata motsatira lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, ndipo ikapanda kutero mukhoza kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Katundu akafika, muwerengeni asanatsitsidwe onse, yerekezani ndi chikalata cha dalaivala, ndipo musasainire nambala imene simunaione. Ngati chikalata chikuti msasa wanu unalandira pamene simunalandire, imeneyo ndi nkhani ya ACB kapena ofesi ya Ombudsman, ndipo pitani ndi kope la chikalatacho.

FUNSO: Nyumba ina yofalitsa nkhani inaika pa Facebook chithunzi cha mwana wanga ali wosavala pamsasa, ndipo inalemba kuti ndi wamasiye. Ine ndili moyo. (Mayi, Tengani)

YANKHO: Pepani mayi. Malamulo a ntchito ya utolankhani salola kujambula mwana popanda chilolezo cha kholo kapena womusunga, ndipo kumuonetsa wosavala n'kulakwa ngakhale chilolezo chitaperekedwa. Jambulani sikirini yoonetsa chithunzicho, mawu ake, tsiku ndi dzina la tsambalo, zisanafufutidwe. Lemberani mkonzi kalata yaifupi yotchula tsiku, chimene chalakwika ndi chimene mukufuna: chithunzi chichotsedwe, ndipo alembe kukonza pamalo omwewo pamene anaika bodzalo. Sungani kope. Pa Facebook pomwepo dinani timadontho titatu tili pakona ya nkhaniyo musankhe "Report", ndipo abale angapo achitenso chimodzimodzi. Mkonzi akakhala chete, tengerani dandaulo lanu ku Media Council of Malawi. Ngati zinaulutsidwa pawailesi kapena pakanema, bungwe la MACRA, loyang'anira mawailesi ndi makanema, nalo limalandira madandaulo. Ngati wina akugwiritsa ntchito chithunzicho popempha ndalama m'dzina la mwana wanu, kanenani kupolisi ku ofesi ya Victim Support, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.